Ulusi Wofiira mu Radiyeta

Kompyuta ya Manesi inazimanso Lachitatu masana, kachitatu m'sabata imodzi, ndipo amayi ake, aNambewe, anati zakwana.

Iwo sanali munthu wodikira. Pamsika wa Malomo aliyense ankadziwa kuti ukanenerera kachewere wawo kawiri, kachitatu amakulanda thumba n'kukuuza kuti upite ukakazinge miyala. Sukulu anailekera Sitandade 2, koma panalibe wamalonda wa ku Lilongwe amene anawadyerapo masuku pamutu. Ndiye chinthu chimene chinadya kachewere wa zaka ziwiri chizingozima ngati koloboyi pamphepo?

Manesi ankajambula mavidiyo a maukwati ndi makwaya, n'kumawakonza m'kachipinda ka lendi koyang'ana kumsewu. Amene analumikiza kompyutayo anali Kalebe, mnyamata wokonza mafoni pa Malomo pomwepo. Inali yoziziritsa ndi madzi, mapaipi awiri akuda akuonekera pagalasi la m'mbali ngati matumbo a mbuzi. Manja a Kalebe analibe chilema. Chilema chake chinali chakuti ankafuna Manesi, Manesi ankamufunanso, pamene makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, olima fodya wa eni ake pa esiteti ina cha ku Kasakula.

"Kutentha kwafika 97, n'kuzima," anatero Manesi, manja ali m'chiuno. "Vidiyo ya ukwati wa Princess inatsala pang'ono kupsa. Akuifuna Lachisanu."

"Ndinanena ine. Chinthu cha magetsi n'kuikamo madzi? Wakugulitsa ketulo, iwe n'kumati kompyuta."

"Si choncho, amayi."

"Princess ndi mlongo wawo wa aphunzitsi a Festus. Bambo awo ndi mkulu wa mpingo. Ukawachedwetsera vidiyo, Lamulungu nkhope yangayi ndikaibisa kuti?"

"Si vidiyo ikukupwetekani. Mukufuna Festus."

"Ndikufuna munthu wodziwika kwawo. Tenanti akagulitsa fodya amamanga katundu. Akakunyamula kupita nawe ku Phalombe, ine ndikadwala adzanditungira madzi ndani?"

"Kalebe si tenanti. Ali ndi shopu."

"Tebulo limodzi ndi ambulera."

"Inu munayamba ndi ndowa imodzi."

Mwanayu lilime analitengera kwa amayi ake, ndipo limenelo linali tsoka lawo.

Panali kanthu kamodzi kamene sananene. Kompyutayo ikayamba kuphika vidiyo, monga ankanenera Manesi, inkatenga maola atatu, ndiye iye ankapita kukajambula kwina n'kuwasiyira makiyi amayi ake. Malole akamadutsa, fumbi la Okutobala linkalowa m'chipindamo ngati lili ndi lendi. Choncho aNambewe analuka nsalu ya ulusi wofiira ndi woyera, yokhuthala bwino, yamphonje m'mbali, yonga imene amayi a Chigwirizano amayala patebulo la abusa. Tsiku loyamba Manesi anaiseka, amvekere, "Amayi, iyi si wailesi ya agogo." Kuyambira pomwepo iwo ankaiphimba mwanayo akachoka, n'kuivundukula akamuona akutulukira pamsewu. Katundu wodula saumusiya pambalambanda. Zimenezo sizifuna sukulu.

* * *

Madzulo, dzuwa lisanalowe, Manesi anapita kumjigo n'kuiwala foni pakhonde. Foniyo inalira kamodzi. Zolembalemba zinkawavuta aNambewe, koma uthenga wa mawu ankaudziwa podina pake.

"Mane, ndamva kuti yazimanso." Anali mawu a Kalebe. "Pesiti, phala lija lopaka pa purosesa, ndinasintha Lolemba, ndiye vuto si ameneyo. Chikundizunguza mutu n'chakuti ine ndikakhalapo imangofunda, koma iwe ukachokapo ndiye imazima. Mawa ndibwera. Za Festus zija usalire nazo. Ngakhale amayi ako andidikire ndi chikuni, ndibwerabe. Ndakusowa."

ANambewe anapukuta chala pachitenje, n'kudina pojambulira mawu.

"Iwe mwana wa ku Phalombe, ukulankhula ndi mayi ake a Manesi. Chikunicho ndili nacho, cha mtengo wa msuku. Mawa ubwere ukonze ketulo yakoyo pamaso pa atsibweni ake a Manesi. Ikachira, tikambirana. Likalowa dzuwa isanachire, pakhomo pa mwana wanga usadzapondeponso, ndipo ankhoswe a aphunzitsi ndiwapatsa tsiku. Sindibwereza."

Yankho silinachedwe.

"Ndamva, amayi. Koma ikachira, tsikulo mundipatse ineyo."

"Mwano," anatero aNambewe, akuyang'ana foniyo ngati yawalavulira.

Manesi atatula chidebe anamvetsera mauthenga onse atatu, ali chiimire, madzi akudontha m'tsitsi.

"Mwandiika pamsika ngati kachewere," anatero.

"Kachewere ine sindigulitsa kwa munthu wosadziwa ntchito yake."

"Ichire, isachire, Festus sindimufuna. Mukampatsa tsiku, mudzavale velo ndinu."

"Tiona mawa."

"Tionadi."

* * *

M'mawa mwake kachipinda kanadzaza. Pampando umodzi womwe unalimo panakhala a Langton, mlongo wawo wamkulu wa aNambewe, mwini mbumba, amene mawu ake ndiwo amamanga kapena kumasula ukwati wa Manesi. Ankangotulutsa foni yatsopano m'thumba la jekete, kuiyang'ana, n'kuibwezanso.

"Foni imeneyo mwaitola kuti, achimwene?" anafunsa aNambewe.

"Mwana wa mnzanga anatumiza kuchokera ku Joni."

Festus anafika atavala tayi, ngakhale kunali kotentha kuti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. M'dzanja limodzi ananyamula botolo la madzi a pamjigo, m'dzanja lina lezala.

"Nkhaniyi ndi yaing'ono, amayi," anatero. "Minibasi ikawira pachitunda cha ku Dowa, dalaivala amathira madzi. Madzi atha m'menemu. Tidula paipi imodzi, tithira, timanga ndi mphira."

"Mwamva mawu a munthu wophunzira," anatero a Langton.

Kalebe anali atangolowa, chikwama cha zitsulo paphewa. Anapereka moni kwa akuluakulu atagwira chigongono, kenako anaima pakati pa Festus ndi kompyuta.

"Aphunzitsi, mukadula paipi imeneyo mwaipha. Madzi ake anatsekeredwa ku fakitale, sathiridwa ngati dimba."

"Ine ndinaphunzira kompyuta ku koleji."

"Munaphunzira kulembapo. Ine ndimailowa m'mimba."

Manesi anatembenukira kukhoma kuti asaoneke akuseka. Festus anaona, ndipo khutu lake linagwedera.

Kalebe anachotsa galasi la m'mbali, n'kuuza Manesi kuti ayambitse vidiyo ija. Pakona ya sikirini panaoneka nambala ya kutentha. Inayamba ndi 55.

"Tiyamba ndi pampu," anatero. "Ili apa, pamwamba pa purosesa, pamene pamachokera moto wonse. Ikafa, madzi amaima." Anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva papampupo, chigwiriro n'kuchiika kukhutu. Kenako anatembenukira kwa aNambewe. "Amayi, tamverani nokha, mungati ndikukunamizani."

Iwo anazengereza, koma sanafune kuoneka amantha. Anawerama n'kuika khutu.

"Mukulira njuchi."

"Ndiye kuti pampu ndi yamoyo."

Nambala ija inakwera. 70. 79. Mafani anayamba kubuma ngati chigayo chili patali.

"Tsopano gwirani mapaipi. Iyi imachotsa madzi otentha kupita nawo ku radiyeta kumwambaku. Iyi imabweza ozizira."

ANambewe anagwira imodzi, n'kugwiranso inayo. "Zonse zikuotcha."

"Akanakhala kuti madzi atha, mapaipiwa akanakhala ozizira, moto wonse uli pansi. Madzi alimo ndipo akuyenda. Kungoti akumapita otentha n'kubwerako otentha."

"Ndiye botolo lanulo mumwe nokha, aphunzitsi," anatero Manesi.

"Manesi, ulemu," anatero a Langton.

Nambala inafika 86, n'kusanduka yachikasu. Kalebe anang'amba kapepala, n'kukaika pamwamba pa kompyutayo pomwe panali timabowo tambirimbiri.

"Mafani amakokera mpweya apa. Ikanakhala kuti ikupuma bwino, pepalali likanamatirira." Analiuzira pang'ono, ndipo linauluka n'kugwera pamapazi a Festus. "Sikupuma."

Anazimitsa, namasula chivundikiro cha pamwamba. Pa radiyeta panali chinthu chonga bulangete laling'ono, fumbi lagwirana ndi ubweya. Analitsina ndi zala ziwiri n'kulisenda. Pakuwala kwa pawindo, aNambewe anaona bwinobwino: m'fumbimo munali tiulusi tofiira, tina toyera, tambirimbiri.



Kalebe anayang'ana ulusiwo. Kenako maso ake anatsikira kudengu limene linali pamapazi a aNambewe, pomwe mphonje yofiira inkasuzumira pansi pa chitenje. Sanawayang'ane kumaso. Anafumbata chinthucho n'kuchiika m'thumba la buluku.

"Ndi fumbi la mumsewu," anatero.

"Fumbi basi?" Festus anaseka. "Mwezi umodzi wokha fumbi latseka makina? Ndiye kuti mmisiri analumikiza mobwerera. Munthu wodziwa ntchito akanaganizira kuti kuno ndi ku Malomo, si ku ofesi ya galasi. Lero apukuta, sabata yamawa izimanso."

"Wavomera yekha," anatero a Langton. "Ntchito yake ndi yachigamba. Alongo, nkhani yatha apa. Munthu wotere n'kumupatsa mwana?"

"Kalebe, ayankhe," anatero Manesi. "Bwanji wangoti zii?"

Kalebe anali atayamba kale kupukuta radiyeta ndi kaburashi.

ANambewe anaona msika wonse uli poyera. Akangokhala chete, tenanti wachoka, aphunzitsi alowa, ndipo palibe adzadziwe. Zinali zomwe ankafuna dzulo. Koma pa moyo wawo wonse sanapambanepo malonda ndi ndowa yophwanyika pansi, ndipo kuberekedwa kumsana ndi mwana wa eni ake ngati nkhalamba yowoloka mtsinje kunawanyansa kuposa manyazi.

"Iwe. Tulutsa chimene waika m'thumba."

"Ndi zinyalala, amayi."

"Ndati tulutsa."

Anatulutsa. Iwo anasolola nsalu ija m'dengu, n'kuiyala patebulo pafupi ndi ubweyawo. Ulusi unali umodzi.

"Ndine," anatero. "Manesi akachoka ndimaiphimba. Ndaiphimba mwezi wonse, ndipo ndikanaiphimbanso lero. Anandiuza ndani kuti chinthuchi chimapumira pamutu ngati mwana wakhanda?"

"Amayi!" Manesi anagwira pakamwa.

"Usandiyang'ane choncho. Ukanapanda kundiseka tsiku lija, bwenzi ndikuiphimba iwe ukuona, ukanandiletsa." Anatembenukira kwa Festus. "Inu aphunzitsi, lezalayo mukametere ndevu."

Kalebe anabwereka pampu ya njinga kwa wakabaza panja, n'kuuzira radiyeta mpaka fumbi lonse linatuluka. Atabwezeretsa chivundikiro, kapepala kaja kanamatirira pamwamba kuti phaa. Manesi anayambitsanso vidiyo. Nambala inakwera kufika 64, n'kuima pomwepo ngati bulu wokana katundu.

* * *

Vidiyo ikupsa, aNambewe anamuitanira Kalebe kuseri, pamthunzi wa khoma. Anakhala pandowa yovundikira. Iye ananjuta patali pang'ono.

"Unabisiranji?"

"Apongozi sawavula pagulu."

"Apongozi ako ndani?"

"Munati ikachira..."

"Ndinati tikambirana. Usandiwonjezere mawu, sindine kasitomala wako." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zong'ambika kutsogolo. "Ukanaluza mwana wanga chifukwa cha nsalu."

"Sindikanamuluza. Mukanandithamangitsa pakhomo, ndikanaima pamsewu. Msewu si wanu."

"Pakamwa pako pali ngati pa Manesi. M'nyumba mwanu simudzagonedwa." Anakanda m'khosi. "Tamvera. Mwana wanga sapita ku Phalombe. Kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, amamanga nyumba pamene ndamulozera ine."

"Kwathunso ndi chimodzimodzi, amayi. Ife Alomwe mwamuna ndiye amasamuka. Bambo anga ndi mkamwini mpaka lero."

Chimenechi aNambewe palibe anawauzapo, ndipo chinawachotsera mtengo umene ankatsamira miyezi isanu yonse.

"Njerwa uumba wekha," anatero.

"Ndiumba."

"Malata, osati udzu."

"Chipinda chimodzi malata, chinacho chidikire chaka chamawa."

"Zipinda zonse."

"Chimodzi ndi khonde."

Anamuyang'ana mwaukali, koma m'kati anamva kukoma kumene ankamva akakumana ndi wogula wodziwa kunenerera.

"Sindinavomere," anatero akudzuka. "Ndangomva."

* * *

Vidiyo inapsa dzuwa likadali pamwamba pa mapiri. A Langton anati achoke, koma aNambewe anawakhazika pansi.

"Muone kaye ntchito ya mdzukulu wanu."

Festus nayenso anatsala, poti ukwati unali wa mlongo wake. Pasikirini panadutsa akwati akutuluka m'tchalitchi, kwaya, ana ovina, kenako perekaniperekani, anthu akuvina pamzere. Kamera inatembenuka pang'onopang'ono kutsatira amayi ena ovina mogometsa, n'kudutsa m'mphepete mwa tenti.

"Taimitsa," anatero aNambewe. Maso amene ankaona kachewere wowola pansi pa thumba sakanaphonya jekete la mlongo wawo. "Bweza m'mbuyo. Pamenepo. Kulitsa."

Manesi anakulitsa chithunzicho. Kuseri kwa tenti kunaima a Langton ndi atsibweni ake a Festus. Enawo ankapereka chitenje chatsopano chopindidwa bwino, pamwamba pake pali kabokosi ka foni. A Langton analandira ndi manja awiri, n'kugwirana chanza.



"Mwana wa mnzanu wa ku Joni," anatero aNambewe, "amafanana kwambiri ndi atsibweni a aphunzitsi."

A Langton anakonza kolala. "Chabwino. Ndi chikole. Ndinalandira m'malo mwa Manesi."

"Chikole changa mukuimbira ndinu?" anafunsa Manesi. "Ine ndinavomera liti?"

"Ndine mwini mbumba. Ankhoswe akubwera Loweruka, ndipo abusa auzidwa kale." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Inuyo si uja mumafuna aphunzitsi omwewa?"

"Kufuna ndinkafuna. Koma ine sindigulitsidwira katundu ndili kuchimbudzi. Mwanayu ndinabala ndine. Milungu itatu mwakhala mukudya kwanga, foni ya mwana wanga ili m'thumba, osanena kanthu?"

"Amayi, zinthu zinachitika mwadongosolo," anayamba Festus.

"Inu khalani chete, mudikire belu."

Anapita pomwe panakhala a Langton, n'kutambasula dzanja. Anangoima choncho, monga ankaimira kwa munthu amene wanyamula thumba asanalipire. A Langton anayang'ana kukhomo, anayang'ana kudenga, kenako anatulutsa foniyo. ANambewe anaikulunga m'nsalu yofiira ija, namanga mfundo ziwiri.

"Nsaluyi yapeza ntchito yake. Aphunzitsi, kaperekeni kumene inachokera. Chitenjecho chibwera mawa, ngati alamu anga sanachisoketse kale."

Festus sanatambasule manja. Anayang'ana a Langton.

A Langton anadzuka pang'onopang'ono, n'kuvala chipewa. Mawu awo anatsika.

"Nambewe, ganiza bwino. Ukabweza chikole chimenecho wandivula pamaso pa mpingo wonse. Ndipo usaiwale kuti dimba la kudambo limene umakumbamo kachewere ndinakugawira ndine. Loweruka ankhoswe akapeza chitseko chotseka, Lolemba m'dimbamo mulowa wina."

Anatuluka. Festus anatsatira, botolo lake la madzi lili m'khwapa.

Dimba limenelo ndilo linalera Manesi. Ndilo linagula kompyuta imene inkang'ung'uza patebulopo, nambala yake ili pa 41, yozizira ngati sinavutepo munthu. ANambewe anaima ndi kamtolo kofiira m'manja, akumva kulemera kwake. Manesi anawagwira mkono.

"Amayi, dimba lija..."

"Khala chete, ndikuganiza."

Sanaganize nthawi yaitali. Kumtunda kwa nyumba yawo kunali tsala la malemu amayi awo, lamiyala, lodzaza zitsa, limene palibe analigwirapo khasu zaka khumi. Anaponya kamtolo kaja m'dengu, n'kusenza.

"Ndikatula ndekha kwa mkulu wa mpingo, dzuwa lisanalowe." Pakhomo anatembenuka, n'kumuyang'ana Kalebe. "Iwe wa mapaipi. Khasu umalidziwa?"

Kalebe anatseka chikwama chake cha zitsulo.

"Ndine mwana wa tenanti, amayi."